Amayi, Firiji Yanu Anaizimitsa

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, Amayi. Tinafuna kulemba mawu ofatsa pansi pa chithunzi chanuchi, monga amachitira anzathu, koma mitima yakana.

Kwa zaka khumi ndi zinayi munkatenga magazi a anthu omwewo, mazana asanu ndi atatu: madalaivala a basi, aphunzitsi, amayi a pamsika, onse odwala shuga. Munkafuna kudziwa chifukwa chake ena mafuta a m'magazi amawatseka mitsempha ya mtima akadali ndi ana akhanda, pomwe anzawo amafika potola ndodo ali bwinobwino. Timabotolo ta magaziwo munkasunga mu firiji yaikulu ya pakhonde la labu, ija munaitcha Apongozi chifukwa inkang'ung'udza tsiku lonse koma panalibe woyerekeza kuiyankha. Magetsi akazima munkasiya chakudya pambale n'kuliyatsa liwiro la ku labu mutavala patapata wa kubafa. Ababa ankati anakwatira mkazi wa mitala, inu n'kuseka mpaka kuvula magalasi kuti mupukute misozi.

Patangotha miyezi isanu chikuikireni m'manda, mkulu wa dipatimenti yanu, yemwe uja analira pamaliro kuposa ife ana anu, analamula kuti khonde likonzedwe poti kukubwera alendo. Firiji anaizula pa soketi Lachisanu masana, n'kuikankhira m'chipinda cha mipando yothyoka. Lolemba m'mawa fungo ndilo linawauza anthu zomwe zachitika. Zaka khumi ndi zinayi anazinyamula m'matumba akuda kukaotcha. Ife sanatiuze. Tamva chaka chino kwa abambo oyeza magazi aja munkagwira nawo ntchito. Atapuma pantchito anabwera kunyumba, anakhala pa mpando wanu chipewa chili m'manja, ndipo munthu wa imvi analira ngati mwana.

Mwezi watha kunabwera kalata yotiitana kukaona mwambo wotcha holo ya misonkhano dzina lanu. Analembamo kuti akatswiri a maiko ena atchula kafukufuku wanu m'zolemba zawo kokwana zikwi zinayi, kuti madokotala anasintha kaperekedwe ka mankhwala chifukwa cha inu. Zonsezo n'zoona. Koma za firiji, ngakhale liwu limodzi. Ababa anaipinda kalatayo kanayi n'kuchirikizira mwendo wa tebulo logwedera lija. Sitinapite. Tamva kuti mkuluyo analankhula kwa ola lathunthu, akukutchulani kuti mlongo wake. Manyazi alibe. Mukanakhalapo mukanamuyang'ana pamwamba pa magalasi, iye n'kuiwala ndi dzina lake lomwe.

Nanunso takukwiyirani pang'ono, Amayi, tisabise. Munkatiuza kuti ntchito yabwino imadziteteza yokha. Apa pokha munaphonya. Anthu amene munkawasiyira makiyi ndi amene anakudyerani masuku pamutu, ndipo kwatsala ife kuyankha mafunso. Mayi aang'ono, mng'ono wanu, anapereka mkono wawo kwa inu kawiri pachaka osaphonya. Pano mwendo wakumanzere ukukoka, ndipo tikapita kukawaona amafunsabe kuti, “Nanga magazi anga aja achemwali anapezamo chiyani?” Dalaivala wina wa basi amaima pageti kufunsa zomwezo. Takhala tikuwanamiza kuti zotsatira zikubwera.

Bodza limenelo latha lero. Abambo oyeza magazi aja anapulumutsa makope anu khumi ndi awiri, momwe muli maina onse m'zilembo zanu zopendekera zija. Kuyambira sabata yamawa tiyenda khomo ndi khomo kuwauza anthu anu zoona, mmodzimmodzi, titakhala pansi, monga munkachitira inu powauza zotsatira. Amene akufuna kukadandaula tikamuperekeza.

Ababa amayendabe mtunda uja munkatikakamiza kuyenda tikatha kudya, koma okha, ndipo samafuna wowaperekeza. Achimwene anasiya kuthira shuga mu tiyi tsiku lomwe munamwalira, mutawalalatira zaka makumi awiri osamva. Mdzukulu wanu wamkazi wayamba kupendeketsa zilembo, palibe anamuphunzitsa.

Ife ana anu, Ababa, Mayi aang'ono ndi adzukulu, sitidzakuiwalani, Amayi. Amene anazimitsa firiji ija, nawonso sitidzawaiwala.