Mayina Khumi ndi Anayi Papepala la Bwana

Okondedwa amalume a Zbigniew,

Ndikhulupirira bondo lija lasiya kuvuta. Kuno ku Wrocław kukuzizira, koma ine mtima uli moto.

Mukudziwa kuti kwa zaka zitatu ndakhala ndikukonza masewera a pakompyuta a kampani yathu kuti azitheka pa Linux, pulogalamu yaulere ija imene aliyense amaloledwa kuikonza. Mwezi watha anthu khumi ndi anayi tinasaina mwachinsinsi chikalata choyambitsa bungwe la ogwira ntchito, titatopa ndi kugwira mpaka Lamlungu. Lolemba bwana anatiitana mmodzimmodzi, mayina athu onse ali papepala.

Kwa ine anati, "Za Linux tatseka, ntchito yako yatha, Dobrosława. Okonda zaulere mwatikwana."

Ndinamuyankha kuti, "Chaulere pano ndi thukuta langa, bwana!"

Amalume, chikalatacho tinkasunga awiri okha, ine ndi mwana wanu Mirosław, amene ndimagwira naye ntchito pakampanipa. Dzulo amukweza pantchito. Sindinena zambiri kwa inu amene munathyoledwa bondo pa sitiraka ya kudoko.

Pa Khirisimasi ndibwera ndithu. Koma chonde musandiikire mpando pafupi naye.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Dobrosława