Bulugamu wa apongozi akuumitsa kasupe wathu

Aphungu,

Ndine bambo wa ana awiri. Kwathu ndi ku Mkhumba, koma ndili pa chikamwini kwa mkazi wanga Aliness, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri kuno ku Chiringa. Ndakulemberani chifukwa mutu wanga sukugwira. Ndikakhala pansi ndimafuna kuimirira, ndikaimirira ndimangopezeka ndafika kale kukasupe, ndikuyang'ana mitengo ngati munthu wozungulira mutu.

Mudzi wathu wonse umamwa kasupe mmodzi, wotuluka pansi pa mwala kumtunda kwa munda wa apongozi anga aamuna, a Wilson. Chaka cha namondwe wa Freddy, Napolo anatsika m'phiri ndi matope ndi miyala, n'kukokolola nyumba zingapo. Apongozi aakazi, mayi ake a Aliness, anapita ndi matope amenewo. Tinakumba, tinafunafuna mpaka kudambo, koma thupi silinapezeke. Maliro tinalira opanda bokosi.

Dzinja lotsatira a Wilson anayamba kubzala mitengo pomwe nthaka inang'ambika, kuzungulira kasupe yense. Ankati sakufuna kuti phiri lidzatsikenso. Mbande zomwe zinkapezeka pafupi zinali za bulugamu, ndiye anabzala bulugamu yemweyo, wothithikana ngati mapira. Mudzi wonse unawayamikira, mpaka kutchalitchi anawatchula. Tinkangoti mtengo ndi mtengo basi.

Lero mitengo ija yatalika kuposa nyumba, koma kasupe akufa. Kale chidebe chinkadzaza musanamalize kupatsana moni. Chilimwe chino madzi akungodontha. Amayi akumandanda ndi zidebe kuyambira mbandakucha, ena atopa ndipo akukatunga m'zithaphwi zakudambo momwe mumamwa mbuzi. Ana ayamba kutsekula m'mimba, ndipo wanga wamng'ono, Praise, wagonapo kale kuchipatala.

Mlangizi wa zankhalango atabwera kudzaona, anagwira pakamwa. Anati: "Bulugamu pakasupe ayi. Ameneyu amamwa madzi kuposa mudzi wonsewu." Komiti ya madzi, yomwe ine ndilimo, inakumana n'kugwirizana kuti mitengo igwe. Kenako onse anatembenukira kwa ine. "Ndi apongozi ako, Elton. Ukawauze ndiwe, ndipo nkhwangwa uyambe ndiwe."

Aphungu, mkamwini ngati ine pakamwa ndingatsegule bwanji? Munda womwe ndimalima si wanga, pomwe ndinamanga nyumba si panga. Ndinayesa tsiku lina, nditanjuta bwinobwino: "Bambo, anthu akudandaula za mitengo ija." Sanandilole kumaliza. "Anthu ake ati? Pamene ndinkakumba maenje ndekha anali kuti? Wofuna kudula mtengo umodzi ayambe wadula ine." Kuyambira pamenepo moni wanga amayankha ndi mutu. M'mawa uliwonse amatenga tsache kukasesa pansi pa mitengoyo, kenako amakhala pamwala mpaka dzuwa litakwera.

Aliness ndikamuyamba nkhaniyi amangoti, "Musandiike pakati," n'kusenza chidebe kutuluka. Amayi apamzere nawo sandisiya: "Akomiti, madzi aja abwera liti? Kapena mukudikira chilolezo cha apongozi?" Amaseka, koma maso awo saseka.

Mnzanga Stafford wandipatsa nzeru. Akuti ndikasende makungwa m'munsi mwa mtengo uliwonse, kuzungulira, n'kukwirirapo dothi. Mitengo idzauma yokha pang'onopang'ono, anthu adzati ndi chiswe, ndipo palibe amene adzayambane ndi mnzake. Sindikubisirani, mpeni ndanola kale. Ndikuopa kutaya banja, ndikuopanso kuika mwana m'manda chifukwa cha madzi. Ndichite zimenezi?

E.M., Chiringa, Phalombe

Achimwene E.M.,

Mpeni uja bwezerani kwa Aliness azisendera chinangwa. Nzeru za a Stafford zidzakusamutsani m'mudzimo ndi chikwama chimodzi. Munthu amene amasesa pansi pa mitengo m'mawa uliwonse adzaona dothi losunthidwa tsiku lomwelo, ndipo sadzavutika kuganiza kuti wachita ndani. Komanso bulugamu ndi wamakani, mukamuvulaza amaphukira m'munsi. Mudzataya ulemu, madzi osabwerera.

Tsopano mvetserani. Inu ndi komiti yanu mukuona mitengo, koma apongozi anu akuona manda. Mwalemba nokha kuti thupi la akazi awo silinapezeke, mwalembanso kuti amasesa pamalopo n'kukhala pamwala. Munthu sasesa m'nkhalango, achimwene. Bambowa alibe pena poti akalire, ndiye pamene munati "mitengo ija", iwo anamva kuti mudzi ukufuna kufafaniza akazi awo kachiwiri. Si nkhanza kapena kusamva, ndi chisoni chimene sichinapeze pokhala.

Izi sizikutanthauza kuti mitengo ikhale. Mlangizi wanena zoona, ndipo ana sangamwe m'zithaphwi chifukwa choopa kukhumudwitsa munthu mmodzi. Koma komiti yakusenzetsani katundu amene si wanu, ndipo yachita dala, pofuna kubisala kumbuyo kwa mkamwini. Bwererani mukawauze mosapita m'mbali kuti nkhani ya malo a mbumba ili ndi eni ake. Apite kwa malume ake a Aliness, mlongo wa malemuwo. Iwo akatenge mkulu wa mpingo amene a Wilson amamumvera, aitanenso mlangizi uja kuti akafotokoze yekha pamaso pawo. Inu mukakhale nawo ngati mwana wa pakhomopo, mbali ya apongozi anu, osati mbali ya komiti.

Pokambiranapo mawu oti "kudula" asatsogole. Yambani ndi kuwathokoza, chifukwa iwo anagwira khasu pamene ena munali kungoyang'ana phiri. Kenako apempheni kuti atsogolere okha ntchito yosintha mitengoyo. Musagwetse yonse nthawi imodzi, malo otsetsereka akakhala pambalambanda mvula idzakokololanso nthaka. Igwe kaye yoyandikana ndi kasupe, yakumtunda idikire. Mvula ikayamba mubzale mitengo yogwirizana ndi madzi, monga mkuyu, katope ndi mbawa, ndi mizere ya udzu wa vetiva yogwira dothi. Mlangizi akuuzani yoyenera malo anuwo. Zitsa za bulugamu zikamaphukira muzithyola mphukirazo osatopa. Mbande yoyamba abzale a Wilson ndi manja awo, ndipo ngati mbumba ivomera, kasupeyo azitchedwa dzina la malemuwo.

Musalonjeze anthu kuti madzi abwerera mawa, zimatenga nthawi. Komiti yanu ikwezenso maso kuphiri. Ngati kumtunda anthu akugwetsa mitengo yachilengedwe n'kumaotcha makala, si chilungamo kuloza chala nkhalamba imodzi. Pakadali pano madzi akudambo muziwiritsa kapena kuthira mankhwala ochokera kwa alangizi a zaumoyo, Praise asabwererenso kuchipatala.

Za Aliness, lekani kumuyamba ngati mukumutuma. Amene anapita ndi matope ndi mayi ake, amene akusesa ndi bambo ake, amene anadwala ndi mwana wake. Mangani zigubu panjinga mukatunge madzi inuyo, kenako mukhale naye pansi mumufunse zomwe iye akufuna. Mwina ndi nthawi yaitali chimufunsireni munthu.

A Wilson akhoza kukana ulendo woyamba, ngakhale wachiwiri. Akakanitsitsa, mudzi udzagamula poyera, masana, iwo ali pomwepo, ndipo nkhwangwa isadzakhale m'manja mwanu.

Chenjezo langa ndi la tsiku logwetsa mitengo. Ndimawadziwa anthu athu. Mtengo ukangogwa, aliyense amathamangira nthambi, wina ndi chingwe, wina ndi njinga, kuseka kuli pakamwa. Musadzalole zimenezo. Tsikulo mudzalitenge ngati la maliro amene sanachitike bwino aja: pemphero liyambe, anthu akhale pansi, phokoso lisamveke. Mitengo yogwayo ndi ya a Wilson, anene okha chochita nayo, kaya kumangira mpanda wa kasupe kaya china. Bambowa akhoza kukhululuka kuti mitengo yagwa. Koma akadzaiona itamangidwa m'mitolo panjinga, ikupita kukagulitsidwa ngati nkhuni pa Chiringa, madzi mudzamwa ndithu, koma apongozi mudzakhala mulibe.

Aphungu