Malita Khumi ndi Asanu ndi Awili

Petauke,
9 Juni, 2024.

Oyilo wothilidwa mu lole:
4 Meyi, malita 4
11 Meyi, malita 4
18 Meyi, malita 5
25 Meyi, malita 4
Onse pamodzi, malita 17.
Makilomita amene lole yayenda chiigulileni atate anu: 812,400.

Okondedwa atate ake a Kelly, mwana wanga,

Ndikhulupilila muli bwino ku Kitwe. Ine ndili bwino, bondo lokha ndilo livuta ndi kuzizilaku.

Manambala ali pamwambapa muwadziwa, ndinakuwelengelani pafoni. Munati lole siingamwe oyilo chotele, ndiye kuti a Josphat, dilaiva wathu, akugulitsa. Sindinafune kuweluza ndisanayese. Lamulungu lina ndinayala katoni pansi pa injini kuyambila m'mawa mpaka madzulo, ndipo ndinapezapo madontho 26 okha, osadzaza ndi supuni yomwe. Pa 27 Meyi ndinawanena a Josphat kuti akuba oyilo n'kuwalanda makiyi, pamaso pa anthu atatu okweza matumba. Anangoti, "Amai, zaka khumi ndi zinayi," n'kutenga jekete lawo.

Lachiwili lapitali ndinaitana a Kalaluka, makanika wa ku Nyimba. Ndinawaonetsa buku langa lolembamo za lole ndi katoni uja. Anaseka.

"Aphunzitsi, pamene munali kuwelenga madonthowa, injini inali kulila?"

"Inali chete."

"Ndiye mwayesa mwana wa sukulu ali m'tulo. Ndipatseniko ufa."

Ndinaganiza kuti ali ndi njala. Iwo anatsuka injini yonse ndi palafini, itauma anaiwaza ufa makapu awili mpaka inachita mbuu. Tinakwela tonse, iwo akuyendetsa, makilomita khumi mumseu wa ku Nyimba. Titaima anandiitana kuti ndisuzumile. Muufamo munali mzele wakuda, wonyowa, wochokela pa kaswichi kamene kamayatsa nyali yofiila ya oyilo. Kanang'ambika. Injini ikazima kamangodontha pang'ono, koma ikamalila pampu imakankha oyilo, ndipo amatuluka ngati mkaka pobele la ng'ombe, mphepo n'kumumwaza mumseu.

Sanalekele pomwepo. Anachotsa kaswichiko n'kumangapo geji yawo yoyezela mphamvu ya oyilo. Injini itazizila muvi unaloza pa 4. Itatentha, lole ili chiimile, unatsika pansi pa 1. Akuti zitsulo zimene shafuti ya m'kati mwa injini imazungulilapo zadyeka ndi ukalamba, oyilo apyola mosavuta. Kaswichi asintha, koma injini ifunika kutsegula tisananyamule chimanga cha chaka chino.

"Nyali yofiila siinali kuphethila?" anafunsa. "Dilaiva sananene?"

Ananena, mwana wanga. Zili m'buku, m'dzanja langa: pa 6, pa 15 ndi pa 22 Meyi. Ndinalemba bwinobwino, tsiku ndi ola, ndipo sindinachitepo kanthu. Ichi pafoni sindinakuuzeni.

Mailo, pa 8 Juni, ndinapita ku Nyampande, kwawo kwa a Josphat. Ndinawapeza a Josphat kudimba akuthilila lepu. Ndinagwada, ndi bondo langali, n'kuwapatsa makiyi ndi manja awili. Anandidzutsa msanga, koma makiyi sanalandile.

"Amai, ine ndakhululuka. Koma mkazi wanga kumsika amutchula kuti muka kawalala, mkazi wa mbala. Makiyi achotsa zimenezo?"

Ndinafunsa chimene ndingachite. Anati mau ananenedwa pamaso pa anthu atatu, abwezedwe pamaso pa atatu omwewo, ndiponso amene anayamba kuwaganizila zoipa alankhule yekha. Ameneyo ndinu.

Tsono pempho langa ndi ili. Loweluka pa 15 Juni, 9 koloko m'mawa, atatu aja adzakhala pabwalo pano, ndawauza kale. Ine ndidzalankhula poyamba. Inu mubwele ndi basi ya Lachisanu. Foni siikwanila, ndipo musatume amake Kelly m'malo mwanu. A Josphat anati adzabwela kudzamva, za makiyi adzaona pambuyo pake.

Mundipatsile moni amake Kelly ndi ana. A Josphat akuti ndikupatseni moni, ndipo anakutchulani dzina lanu laubwana, Fabian, monga ankachitila pokupelekezani kusukulu ya ku Chipata.

Oyilo wosowa, malita 17.
Wotayikila mumseu, malita 17.
Wobedwa, 0.
Masiku amene makiyi ali m'kabati mwanga, 13.

Ndine amai anu,
Sophia Chimuka