Njanji ya Warwick ndi Nyemba Zanga

Lolemba, 7 Okutobala

Tabwerako ku Bendigo. Adokotala a maso sanazungulire. Diso lamanja la mwamuna wanga Warwick lawonongeka pakati, lamanzere likutsatira. Latsala ndi zaka mwina ziwiri, mwina zisanu. Ati sadzakhala mumdima weniweni, koma chilichonse chomwe wayang'ana chizikhala ndi banga pakati. Galimoto asiyiretu.

Pobwerera ndayendetsa ine, iye n'kumandiuza pokhota ngati kwathu ku Castlemaine ndafikako dzulo. Titafika sanapite n'komwe kuseri kukaona tisitima take toseweretsa. Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri sizinachitikepo.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Mvula. Sitinalankhulane zambiri.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndaima nthawi yaitali pakhomo lakuseri, kungoyang'ana. Theka la bwalo ndi lake: kanjanji kozungulira, mlatho, siteshoni yofika m'bondo, tinyumba tomwe anapala yekha. Theka linalo ndi langa, nyemba ndi nsawawa. Chaka chilichonse amapempha mzere umodzi wokha wa njanji, wodutsa m'dimba mwanga kukazungulira mtengo wa mandimu. Chaka chilichonse ndimayankha kuti sitima sitidya.

Njanji za mzerewo anagula kalekale, zili m'makatoni mu shedi. Lero ndam'peza akulemba pamakatonipo kuti ZOGULITSA. Zilembo zake zokwera chitunda, china pamwamba pa chinzake. Ndinabwerera asanandione.

Loweruka, 12 Okutobala

Mwana wathu Bronwyn waimba. "Amayi, bambo asamagwadenso m'matope. Kuno ku Geelong kuli tinyumba tabwino, topanda bwalo lokuvutitsani, chipatala pafupi." Sakunama mwanayu. Ine ndili ndi zaka 71, mawondo akulira. Masamba pa njanji azidzachotsa ndani?

Nditaika foni ndinayamba kukaganizira kanyumbako, ndipo mtima unapepuka. Ndachita nazo manyazi tsiku lonse.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndalakwitsa. Pa tiyi ndinati, "Tenga mzere wa nyembawo."

Anaika kapu pansi. "Zaka zonsezi umakana. Lero wandimvera chisoni?"

"Zagwa nsabwe basi."

"Glenys, kunama sudziwa. Usayambe ukalamba uno."

Watuluka, chitseko phwa! Chisoni chinalipo, sindikana. Koma si chokhacho. Chinacho sindinachipezere dzina.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Masana wayendetsa sitima yake yobiriwira. Ndimamuona pawindo la kukhitchini. Anakhala pabenchi, mutu atapendeketsa, osaiyang'ana n'komwe. Mwadzidzidzi anadzuka n'kulunjika kuseri kwa mlatho. Bogi ina inali itaphonya njanji. Ine wa maso awiri sindinaone, iye anamva ndi khutu.

Kubwezera timateyala panjanji ndiye inali nkhondo. Analephera kasanu konse. Dzanja langa linali kale pa chitseko, koma ndinadziletsa. Kachisanu ndi chimodzi anasiya kusuzumira, zala zokha zinagwira ntchito, sitima n'kunyamuka.

Mzere watsopano ungatenge zilimwe ziwiri. Tikauyamba ndiye kuti sitisamuka. Nkhani yagona pamenepo, ndipo tonse tikuizemba.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndam'funsa mosabisa tikupukuta mbale. "Mzerewo ukuufuna kapena ayi?"

Anapukuta mbale imodzi mpaka ndinaopa kuti ibooka. "Ndikuufuna. Koma ndikayamba n'kulephera pakati, udzatsala ndi ngalande m'malo mwa dimba. Ndi mwamuna wolusa pamwamba pake."

"Wolusayo ndili naye kale."

Anaseka, koyamba chibwerereni ku Bendigo. Kenaka anati, "Ntchito imeneyi imafuna maso."

"Alipo awiri m'nyumba muno, angokhala aulesi."

"Iwe sudziwa ngakhale kutsogolo kwa sitima."

"Ndiye undiphunzitse, nkhalamba iwe."

Ndam'uzanso za kanyumba ka ku Geelong, ndi kuti ndinakalakalaka. Ndimayesa akwiya. Wati nayenso anakalakalaka, tsiku lomwelo.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndathyola nyemba zonse zokhwima. Ndowa ziwiri. Sindinauze munthu chifukwa chake.

Loweruka, 19 Okutobala

Titangomaliza kadzutsa watulukira ndi wilibala: zikhomo, chingwe, hamala, thabwa lalitali ndi levulo, kachida ka kathovu koonera ngati malo apendekeka. Wangondipatsa levuloyo.

Ndinagwada m'dimba. "Kathovu kali pati?" anafunsa.

"Pakati."

"Pakati penipeni, kapena pakati pa Glenys?"

"Chabwino, kathawira pang'ono kumanzere."

"Ndiye uzinena choncho. Sitima sikhululuka."

Zikhomo zisanu ndi chimodzi zinalowa. Titafika pa mtengo wa mandimu ndinati njirayo isadutse kumanja monga anajambulira. Kumanjako madzi amadikha mvula ikagwa, ndakhala ndikulima pamenepo ndikudziwa. Anatsutsa, anatchula mapulani ake a zaka khumi, anaponda pansi n'kumva nsapato ikumira. Anazula zikhomo zitatu n'kundipatsa, ndi hamala yomwe.

"Khomani nokha, abwana."

Ndinakhoma, iye atagwira chingwe. Chachitatu chinalowa chopendekeka. Anachiyang'ana, kapena kuti anayang'ana komwe chinali, n'kunena kuti chili bwino, tipite kutsogolo. Msana unali ukundipweteka, tiyi ndimamufuna.

"Sichili bwino," ndinatero. Ndinachizula n'kuyambanso.