Ndinawayankhulira Mayi Zitsime

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Nanga amayi akudzuka bwanji masiku ano? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiwo wadwala. Ndinayesa kuti ndikuimbireni foni, ndinaona kuti sindingathe kufotokoza bwino, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe.

Sukulu ikuyenda. Kafukufuku wanga wa matenda a mbewu wafika poti ndiyambe kulemba. Denga la chipinda changa likudontha pakona pomwe ndimaika mabuku, ndipo eni nyumba amangoti abwera mawa, moti tebulo ndalikokera pafupi ndi chitseko. Koma izi ndi zazing'ono. Nkhani yeniyeni ndi ya Mayi Zitsime, mnzanga uja ndinakutumizirani chithunzi chake titaima pa masitepe a laibulale. Anatisiya mwezi wathawu.

Sindinakufotokozereni bwino momwe tinadziwirana. Kuno ife a digiri yachiwiri amatikonzera maphunziro apadera Lachisanu masana, otikonzekeretsa ntchito tikadzamaliza sukulu. Amatiphunzitsa kulemba kalata yofunsira ntchito, kuyankha mafunso a mabwana, ndi kuyankhula pagulu. Timakumana m'chipinda cha pamwamba pa laibulale, chomwe mawindo ake satseguka ndipo mipando yake imalira ukangotembenuka. Wotiphunzitsa tinamupatsa dzina loti Bambo Mwetulirani, chifukwa chilichonse chomwe ungalakwitse, mankhwala ake ndi amodzi omwewo, akuti mwetulirani.

Tsiku loyamba anati aliyense aime kutsogolo afotokoze kafukufuku wake mwachidule. Inu mukundidziwa, achimwene, kuyambira ndili mwana ndikaima pagulu lilime limauma. Ndinaima, ndinatchula dzina langa, basi zonse zinabalalika. Ndinabwerera pampando. Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali panga anandipatsa botolo la madzi, n'kundinong'oneza kuti ndimwe mosaopa, madziwo anawayeza okha. Ndinaseka misozi ili m'maso.

Mayiwa anagwira ntchito ya zaumoyo zaka zambiri, akuyendera midzi. Anabwerera kusukulu amuna awo atamwalira, ana awo aakazi awiri atakula. Ankafuna kudziwa chifukwa chake ana amatsekulabe m'mimba ngakhale m'mudzi muli chitsime chotetezedwa, ndipo dzina loti Mayi Zitsime linachokera pamenepo. Ambiri m'kalasi tinali a msinkhu wa ana awo, koma iwo sankachita manyazi kufunsa. Tsiku lomwe Bambo Mwetulirani ankationetsa kagwiridwe ka chanza ndi bwana, iwo anakweza mkono n'kufunsa ngati akuganiza kuti tonsefe tinakula opanda makolo. Ngakhale mwiniwakeyo anaseka mpaka kukhala pansi.

Tikatuluka m'maphunziromo, ankanditengera m'kalasi yopanda anthu. Iwo ankakhala kumbuyo kwenikweni, ine n'kuima kutsogolo. Ndikayankhulira pansi, ankagwira khutu n'kunena kuti iwo ndi nkhalamba yogontha, ndikweze mawu. Ndikathamanga, ankagogoda tebulo ndi cholembera. Kenako tinkasinthana, ine kumbuyo iwo kutsogolo, moti kafukufuku wawo ndinafika pomudziwa ngati wanga. Tonse tinkakonzekera msonkhano waukulu wa kumapeto kwa chaka, womwe kumabwera akuluakulu a mabungwe ndi makampani kudzamva ophunzira, ndipo ena amapezera ntchito pomwepo. Iwo anali atasoketsa kale diresi.

Koma mutu unkawavuta kawirikawiri. Ndinkawaona akudzitsina pamphumi, akumeza mapilitsi mobisa. Ndikati tipite ku chipatala cha pasukulu, ankati tidzapita msonkhano ukatha, ndipo ankaonjeza moseka kuti wazaumoyo sauzidwa njira ya kuchipatala. M'mawa wina, msonkhano utayandikira, anagwa mu labotale atanyamula mabotolo awo a madzi. Adokotala anati magazi anathamanga kwambiri mpaka mtsempha wa m'mutu unaphulika. Ndinafika kuchipatala akupumabe, ndinawagwira dzanja, koma sanandizindikire. Mwana wawo wamkulu amakhala kutali. Anafika iwo atatsirizika kale.

Ndinamuthandiza mwanayo kulongedza katundu m'chipinda chawo. Diresi lija linali kuseri kwa chitseko, ulusi wa telala ukadalendewera pamkono. Mwanayo analitsitsa, analipinda pang'onopang'ono, n'kuliika pamwamba pa zonse m'sutikesi.

Maliro atapita kwawo, mphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wawo anandiitanitsa ku ofesi yake. Ndi bambo wosayankhulayankhula. Anati dzina la Mayi Zitsime lili kale pa ndondomeko ya msonkhano, ndipo dzanja lake likukana kulifufuta. Anandipempha kuti ndikawayankhulire. Ndinakana, ndinati ngakhale zanga zomwe zimandikanika. Anangondifunsa kuti nanga wina amene anaimva ntchitoyi kuchokera pakamwa pawo ndani. Pamenepo ndinavomera.

Tsikulo holo inadzaza. Wotsogolera msonkhano analengeza za imfa yawo, anthu anakhala chete pang'ono, kenako ananditchula ine. Nditaima, maso anga anapita okha kumbuyo kwenikweni. Kunali munthu wina wachilendo akuyang'ana pa foni yake. Ndinakweza mawu kuti ngakhale iyeyo andimve. Ndinafotokoza zomwe iwo anapeza m'midzi yomwe anayendera, kuti madzi ankachoka pachitsime ali abwino, koma ankaipira m'zidebe ndi m'zikho zotungira kunyumba. Sindinathamange, ndipo sindinalire. Mayi wina anafunsa kuti ntchitoyi ikanapitirira bwanji kuchokera pamenepa. Ndinamuyankha kuti eni ake ankadziwa, koma tinali tisanafike pokambirana zimenezo.

Chomwe chinandipweteka kwambiri chinachitika pa nthawi ya tiyi. Bambo wina wa bungwe loona za madzi analowa m'holo mochedwa, ndiye chilengezo chija sanachimve. Anandipeza nditaima pafupi ndi zenera, anandigwira chanza mwansangala, n'kunena kuti munthu ngati ine ndi amene akhala akumufunafuna, ndibwere ku ofesi kwawo tikakambirane za ntchito. Achimwene, ntchito imeneyo ndi yomwe Mayi Zitsime ankailakalaka. Ankati akaipeza adzabwerera m'midzi ija ndi yankho m'manja, osati ndi mafunso okha. Ndinamuuza bamboyo kuti munthu amene akumufunayo anaikidwa m'manda. Anaika kapu yake pa zenera, anapepesa, n'kuchoka. Bambo Mwetulirani anali pafupi ndipo anamva zonse. Anabwera n'kuima nane, ndipo tsiku limenelo sanandiuze kuti ndimwetulire.

Tsiku lotsatira ndinafotokoza kafukufuku wanga. Akuti zinayenda bwino, ndipo mphunzitsi wanga anakondwa. Nditatuluka m'holo ndinatulutsa foni kuti ndiwauze Mayi Zitsime, n'kuibwezanso m'chikwama.

Tsopano ndili ndi pempho limodzi. Alamu anandiuza kuti amayi nawonso akumadandaula mutu, ndipo nthawi zina akamadzuka amachita chizungulire. Chonde muwatengere kuchipatala akayezetse kuthamanga kwa magazi. Ndikudziwa kuti akana. Anena kuti ndi dzuwa chabe, anena kuti apita akamaliza za kumunda. Musawamvere, achimwene, ngakhale akukalipireni. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mupite nawo inuyo, mukhale nawo pamzere mpaka awaone, ndipo mukafika pamenepo nanunso mupereke mkono wanu. Zomwe adokotala anene mundiuze zonse. Musandibisire poti ndili kutali kapena poti ndili ndi zolemba zambiri. Zolembazo zikhoza kudikira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa chosamalira amayi. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti wayamba kuyenda ine ndisanamuone. Moni kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa achemwali mukawaimbira foni. Amayi musawawerengere kalata yonseyi. Mungowauza kuti mwana wawo wamanyazi uja anaima pagulu, anayankhula, ndipo anthu anamumva mpaka kumbuyo. Zinazo ndidzawauza ndekha ndikadzabwera.

Tsalani bwino,

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa amayi