Andichotsa pa ntchito yomasulira kanema

Lachinayi, mwezi wa Juni, 1958, Katete

Andichotsa pa ntchito yomasulira kanema. Mwini galimoto ya kanema wandiuza masana ano, ndipo kuchokera pamenepo dzuwa lachita ngati laima.

Mlandu wanga ndi wa dzulo ku Sinda. Pansalu ya kanema panaoneka mayi wina wa ku Poland amene anasamukira ku Amereka, ndiye ndinayamba kuuza anthu zimene ndinawerenga za iye m'magazini. Ndinati anafika kumeneko asakudziwa Chingerezi, ndipo asanalowe m'kanema anachita masewero m'maholo zaka zambiri, akuloweza pamtima mawu amene sanali kuwamva.

Koma anthu a kuno amafuna womasulira wopatsa osewera maina a m'mudzi ndi kuwaikira miseche m'kamwa. Bambo wina anakuwa kuti, "Aphunzitsi, tatiuzani ngati ali pabanja, zasukuluzo mukanene Lolemba." Onse anaseka.

Ndaiwerenganso magazini ija ndili ndekha pakhonde, ndipo sindinalakwitse paliponse. Woti ndimuonetse palibe.

Mawa galimoto ipita ku Vubwi ndi womasulira watsopano, aBanda, amene ayamba kale kumutchula mayi wa ku Poland uja kuti Naphiri.