Kugogoda pa Tebulo la Bambo

14 Juni

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalatayi bambo sakuidziwa, ndipo akanadziwa sakanalola. Inu mumandidziwa kuti pa foni ndimangoti "tili bwino" n'kukhala chete. N'chifukwa chake ndasankha pepala.

Bambo sakuona, achimwene. Diso lamanzere linachita ng'ala chaka chatha, lamanja nalo likutsatira. Munthu amamuzindikira ndi mawu. Anandilumbiritsa kuti ndisauze aliyense, makamaka inu, ati mungawaletse kuphunzitsa. Mukudziwa kuti chimwalirire mayi, chimene chimawadzutsa m'mawa ndi kalasi yawo ya pabalaza, anthu akuluakulu asanu ndi mmodzi amene amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu masana kudzaphunzira kulemba chimangirizo cha Chingerezi pokonzekera mayeso.

Kuphunzitsa pakamwa sikuwavuta. Amaima pafupi ndi zenera n'kumanena zomwe zija tinkazimva tili ana: ndime imodzi, ganizo limodzi, chiganizo choyamba chitsegule chitseko, zotsatirazo zilowetse mlendo, chomaliza chitseke. Chovuta ndi kuchonga. Ndiye kwa miyezi isanu ndi iwiri tsopano, m'mawa ndikatha kutsuka makapu timakhala pa tebulo, ine n'kumawawerengera mapepala a ophunzira. Chingerezi changa cha sitandade 8 mukuchidziwa, mawu ena ndimachita kutchula chilembo chimodzichimodzi. Poti khutu silingaone pamene ndime yayambira, anandiuza kuti ndikafika pa ndime yatsopano ndizigogoda tebulo kamodzi. Iwo amanena zoti ndilembe, ine n'kulemba ndi cholembera chofiira motsanzira dzanja lawo.

Sabata yatha ndinalakwa. M'kalasimo muli mayi wina wosoka zovala, wamkulu kuposa onse, amene walephera mayeso kawiri. Analemba za tsiku limene anaika mwamuna wake. Masamba awiri, osadula ndime ngakhale imodzi, kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati khoma. Ndinadziwa kuti bambo akalipa. Koma powerenga ndinakumbuka maliro a mayi, chisoni chinandigwira. Nkhani itachoka kuchipatala kupita kunyumba, ndinagogoda. Itafika kumanda, ndinagogodanso. Pamene mayiyo anabwerako n'kupeza nsapato za mwamuna wake pakhomo, ndinagogoda kachitatu. Bambo anamwetulira.

"Lemba kuti ndime zagawidwa bwino kwambiri," anatero.

Ndinalemba.

Lachisanu pobweza mapepala anamuyamikira pamaso pa onse, nati enawo atengere chitsanzo. Pali adalaivala ena a basi amene sakhala chete. Anasuzumira pepalalo.

"Aphunzitsi, ndime zake zili pati? Ine ndikuona basi yodzaza yopanda ndi siteji yomwe. Kapena mayiwa anakusokerani malaya?"

Anthu anaseka. Bambo anati, "Patseni kuno." Analiyandikiza kumaso, nalitalikitsa, chala chikufufuza m'mphepete mwa pepala. Kuseka kunatha. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi makapu a madzi m'manja.

Mayi wosoka uja ndiye analankhula, motsitsa mawu. "Aphunzitsi, musadzivute. Tinadziwa kalekale. Cholembera chofiira chija chinasintha dzanja mu Novembala."

Adalaivala anavula chipewa. "Pepani bambo, pakamwa pangapa palibe mabuleki."

Onse atapita ndinagwada kuti ndipepese. Sanakalipe. Anati, "Tenga pepala lija uwerengenso, ugogode momwe unagogodera muja." Ndinatero. Nditamaliza anandifunsa:

"Anakuuza ndani kuti udule pamenepo?"

"Palibe, bambo. Ndimangomva kuti nkhani yasamuka."

"Ndi pomwe ndikanadula ine," anatero. Kenako anatembenukira kukhoma. "Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana a eni ake, wanga akutsuka makapu."

Sukulu ndinaisiya kuti ndidwazike mayi, inu muli ku koleji, ndipo sindinadandaulepo kwa munthu. Koma sindinganame, mawu amenewo ndagona nawo masiku onsewa.

Lachiwiri ndinkaganiza kuti sikubwera munthu. Anabwera onse. Tsopano aliyense amawerenga chimangirizo chake mokweza n'kumagogoda yekha, ndipo adalaivala amagogoda ngati akuimitsa basi. Mayi wosoka analembanso nkhani yake, nadula m'malo atatu omwe aja. Bambo anaika mpando wachisanu ndi chiwiri. Ndinakhalapo ine. Anatipatsa ntchito yolemba pempho kwa munthu amene ali kutali, ati chifukwa chikhale patsogolo, pempholo pambuyo.

Pempho langa ndi ili. Kuchipatala anati ng'ala imachotsedwa, koma asamachedwe. Bambo akukana. Ati mayi analowa pa chipata chomwecho osabwereranso. Ophunzira adziwa, koma kwa inu akuti ndikhalebe chete. Ine mawu anga ndi aang'ono, inu amakumverani. Bwerani, ngakhale masiku atatu okha, mudzawagwire dzanja mpaka pa bedi la adokotala. Dzulo anapunthwa pa masitepe akuseri, chigongono chatupa, koma akuti zinalakwa ndi nsapato. Mukadzafika musadzawakalipire. Mudzakalipire ine, amene ndasunga chinsinsi nthawi yaitali chonchi, n'kudzachiululanso popanda chilolezo.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti juzi anatumiza ija bambo savula. Moninso kwa ana. Chithunzi cha khanda lanu lija bambo amachisunga m'thumba la malaya, aliyense wobwera amamuonetsa, ati mwanayu watenga maso a mayi. Zimenezo ndinawauza ndine. Ndikufuna adzaone okha.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza